Sayilensa ya Boti la Madala

Loweruka, 5 Okutobala 2024

Chigamulo chagwa. Achemwali a Tithokoze atulukira m'mawa ndi mmisiri womanga, tepi ili m'manja. Pa 26 boti lichoke pabwalo. Malo athyathyathya pa puloti yonse ndi pomwe lakhalapo, ndipo Madala, bambo athu, akufunika chipinda chopanda masitepe. Maondo. Apa sindingatsutse. Amene anayeza mapuloti a Chilomoni ankaganizira mbuzi, osati nkhalamba.

Nkhani ndi yakuti lichoka bwanji: lathunthu kapena zidutswa. Mavuto wa masikirapu akufuna injini ndi ngolo yake. Thupi la fayiba, pulasitiki yolimba ija, akuti adzalicheka likhale denga la khola la nkhuku. Msuweni wathu Aaron amapita ku Liwonde ndi lole sabata iliyonse, wavomera kulikokera kumtsinje, koma akuti, "Lolira ndikoka. Maliro a boti ine ayi." Achemwali atseka nkhani: "Likalira, litengeni. Likapanda kulira, Mavuto."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri Madala akuliyendetsa ku Mangochi, kukoka mabwana a kampani kumbuyo ndi chingwe, ataima pa matabwa otsetsereka pamadzi. Kampani itatseka mu 2003, anzawo analandira njinga. Iwo boti. Kuyambira pamenepo lili padoko la Chilomoni, pakati pa mpapaya ndi chingwe choyanikira.

Panopa Madala ali ku Zingwangwa kwa achemwali, anawachotsa ng'ala m'diso. Sindiwauza. Adzangolimva likulira. Aonenso kuti digiri ya Histore imagwira sipanala.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Batire ya minibasi, yobwereka. Petulo chigubu chimodzi, maola atatu pamzere. Pafoni ndawerenga kuti injiniyi ilibe rediyeta, imamwa madzi a m'nyanja. Nyanja yathu: mgolo wa madamu anga, womwe amasungira madzi a masiku ouma. Payipi m'menemo.

Yalira! Kachitatu, koma yalira. Madala ankaidzutsa mwezi uliwonse mpaka maondo atakana, ine ndikutseka zenera kuti ndichonge mayeso mwamtendere. Lero ndathokoza khama lawo.

Chimwemwe cha mphindi ziwiri. Utsi kutuluka pansi pa mipando, madzi kudzaza m'boti. Ndazimitsa, ndakanganula matabwa a pansi. Sayilensa. Chimthumba cha fayiba chochepetsa phokoso la injini, ngati mtsuko wogonekedwa, chong'ambika kuchokera pakamwa mpaka pamimba. Madzi ndi utsi zikutulukira pamng'alu umodzimodzi.

Boti lomira pamtunda. Mbiri ya dziko lino sinalembepo zotere.

Madamu: "Madzi anga."

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndirande, kuseri kwa msika, kwa a Wahabu owotcherera. Theka la maminibasi a tauni ino likupumira m'mapayipi awo. Ndasenza sayilensa m'thumba la feteleza. Aigogoda ndi chala, aseka. "Pulasitiki iyi aphunzitsi? Azungu anakupusitsani. Sayilensa ndi chitsulo."

Ndawafotokozera za madzi otuluka ndi utsi. Nkhope yasintha ngati ya adokotala poona zotsatira. Anzawo awiri asiya ntchito, ayandikira. Onse atatu mawu amodzi: madzi ku ekizosi ndi matenda. Pagalimoto ndiye kuti gasiketi yapsa. Mwana wa sitandade wani wa ku Ndirande amadziwa zimenezo.

Ine ndagwedeza mutu ngati ndimadziwa kale. Zaka zinayi ku yunivesite zinandiphunzitsa chinthu chimodzi bwinobwino: kugwedeza mutu.

Abwera Loweruka kudzaona wodwala.

Loweruka, 12 Okutobala

A Wahabu afika ndi chikwama cha zida. Alowa m'boti, nsapato avula, ulemu wa m'nyumba ya eni. Ola lathunthu akutsata mapayipi ndi dzanja. Kenako nkhani yabwino: gasiketi ndi yamoyo. Olakwa ndi amene anapanga boti. Payipi ya madzi ochoka mu injini anailumikiza ku ekizosi. "Dala kapena kuledzera, sindikudziwa. Koma ndikonza."

Mapulani: madzi awapatse njira yawoyawo, atulukire m'mbali. Utsi uyende wokha, wouma, ngati m'galimoto ya anthu. Sayilensa yachitsulo ya lole yaing'ono, aidula aiwotcherere.

Munthu wabwino, manja aukhondo, ntchito saithamangira. Tiyi wakana, akuti akamaliza.

Yakaleyo ndaiponya kuseri kwa bafa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Mpopi wouma tsiku lachinayi. Ana a fomu 3 andifunsa chimene chadetsa zikhadabo zanga. Ndati kafukufuku.

Achemwali pafoni: "Njerwa zifika pa 25. Titanic yanu ili pati?" Kumbuyo ndamva Madala akufunsa kuti ndani. Ndadula.

Masiku khumi. Lilira basi.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndilembe basi.

Sayilensa yatsopano inalowa cha m'ma 10. Yokongola, yopaka siliva. Anthu pampanda ngati pali ukwati. Ndinakhala pampando wa Madala, ndinapotokola kiyi. Kulira kwake! Madzi akutuluka m'mbali mwaulemu, utsi kumbuyo, woumadi. A Wahabu manja m'chiuno. Ine kuponda mafuta, kuwonjezeranso, kuti Chilomoni yense amve mpaka ku Nthukwa.

Fungo la labala ndinalimva. Ndinati ndi utoto watsopano.

Sindinaone takisi itaima pageti. Achemwali amachokera ndi Madala kuchipatala kokaonetsa diso, Madala n'kuumirira kuti adzatenge wailesi yawo. Ndinangomva ndodo ikumenya m'mbali mwa boti. "Zimitsa! Iwe Maziko, zimitsa!" Mawu amenewo ndinawamva komaliza ndili sitandade 6.

Titatsegula pansi: mapayipi awiri a labala asungunuka ngati phula. Fayiba ya pansi pa boti yada, ikufuka. Chikhato chimodzi kuchokera pa payipi ya petulo.

Madala sanakalipe. Bola akanakalipa. Anafunsa a Wahabu, mofatsa, kuti galimoto ikamathamanga chimaziziritsa ekizosi n'chiyani. Mphepo, anatero a Wahabu. "Nanga pansi pa matabwa awa mphepo ilowera pati?" Anapitiriza okha. Madzi aja si matenda. Amawathira dala mu utsi kuti moto uzizire usanafike pa labala ndi fayiba. Ife tinachiritsa boti ku chinthu chomwe chimalisunga moyo.

Kwa ine mawu anayi okha: "Ukanandifunsa. Ndili moyo, mwanawe."

Achemwali anangomwetulira. Kumwetulira kwa munthu amene wapambana.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Manyazi alibe Sabata.

Madala akana kubwerera ku Zingwangwa. Mankhwala a m'diso abwere konkuno. Akhala pampando pansi pa mpapaya, magalasi akuda akuchipatala kumaso, ngati mkulu wa asilikali wolanda boma. Lamulo loyamba: sayilensa yakale ibwere. Ndakaitola kuseri kwa bafa, nkhuku itayamba kale kuiyesa ngati chisa.

Aipapasa mng'alu wonse ndi chala. Akuti iyi anaimatapo kale kawiri, mu 1991 ndi 1998. Andigwiritsa zigamba zake. Sindinazione n'komwe.

Ikonzeka. Atero eni ake.

Lachiwiri, 22 Okutobala

A Wahabu abwera okha, osaitanidwa. Anyamula mapayipi a labala ochindikala a ku lole, nsalu ya fayiba ndi rezini, guluu wake, zochokera kwa anzawo omata mabampala. Chitsulo chawo achotsa ndi manja awo, payipi ya madzi aibwezera pomwe inali. "Zaka makumi atatu ndikuthamangitsa madzi mu ekizosi. Lero ndikuwalowetsa. Musakauze anthu ku Ndirande."

Ntchito yanga: kupala. Sandipepa, mng'alu wonse, mpaka m'mbali mwake mupyapyale. Madala apapasa, "Bado," ndiye kuti sizinakwane. Chiyao cha ku Mangochi chimabwera akakhala pantchito. Kupalanso. "Bado." Fumbi la fayiba limayabwa ngati chitedze. Mikono yonse zidzolo.

Nsalu zisanu, iliyonse yokulirapo kuposa inzake. Rezini pang'onopang'ono, kutsindira ndi bulashi kuti mpweya usatsale mkati. Ndimafuna kuthira mankhwala oumitsa ambiri kuti zifulumire. Ndodo pa dzanja. Pansi popserera paja tamataponso nsalu zitatu.

Iume masiku awiri. Osaikhudza, osaiyang'ana kwambiri.

Lachinayi, 24 Okutobala

Yauma gwa. Ikulira ngati mbale ukaigogoda.

Vuto latsopano, lakale: madzi. Mpopi uli fuu, mpweya wokhawokha. Madala akuti mayeso enieni ndi mphindi khumi, injini itenthe, ndipo mgolo umodzi sukwana. Ndazungulira nyumba zisanu ndi imodzi kupempha. Kupempha madzi mu Okutobala, oti boti limwe. Mayi a kuseri anandiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi, kusukulu kuli bwino?"

Koma apereka. Ndowa ziwiri uku, chigubu uko. Osati chifukwa cha ine. Akuti Madala akhala akulipukuta botilo chiyambire iwo kubwera m'dera lino, alione likuchoka ndi ulemu.

Migolo itatu ndi theka. Mavuto wadutsa kawiri pamsewu, macheka ali paphewa. Wandipatsa moni wa pamaliro.

Loweruka, 26 Okutobala

Njerwa zili pageti kuyambira dzulo. Aaron ndi lole cha m'ma 8. Achemwali ndi wotchi. Mavuto pampanda.

Kiyi anapotokola ndi Madala. Tinachita kuwanyamula atatu kuti akwere. Ine pa migolo, kusamutsa payipi ukatha wina. A Wahabu chogona pansi, dzanja pa sayilensa.

Kulira kwina, kwapansipansi, ngati munthu wokhuta. Kumbuyo utsi ndi madzi limodzi, phwa, phwa, phwa, kuthirira mpapaya. Mphindi zisanu, a Wahabu akuti yofunda chabe. Zisanu ndi zitatu, m'boti mouma. Mgolo womaliza unatha pa mphindi khumi ndi imodzi. Madala anazimitsa okha.

Mavuto anatsitsa macheka, n'kuthandiza kukankhira ngolo ku lole. Achemwali akuti m'maso mwawo munalowa utsi.

Tinyamuka mawa m'mawa, Madala kutsogolo ndi Aaron. Ndimayesa nkhani yatha. Madzulo ano andituma kudenga la chipinda chawo, kuti pali katundu wotsala. Matabwa awiri aatali otsetserekera pamadzi aja, okulungidwa m'chitenje, chingwe chokhala ndi chogwirira, jekete yoyandamitsa yomwe inali yofiira kale.

"Zaka zonse zija ndakoka ana a eni. Wanga sindinakokepo."

Ndawakumbutsa kuti ndili ndi zaka 46, mimba, ndi kalasi Lolemba. Kuti kusambira sindidziwa. Kuti mu Shire muli ng'ona. Ayankha kuti malo opanda ng'ona akuwadziwa, ndipo ogwa ndi amene amapinda mikono.

Jekete ndayesa. Zipi yafika pamchombo, yakana. Madamu akufunafuna lamba.

Ndikuloweza malangizo awo: mikono yowongoka, maondo opinda. Mikono yowongoka, maondo