Suti ya Akulu Anu

9 Juni

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi a ana ndi mkwatibwi wathu. Akulemba ndi aneba athu, ine ndikungoyankhula, ndipo ndawapempha kuti asachotsepo mawu ngakhale ndibwereze. Akulu anu ali panja, akuwotha dzuwa. Andituma ndikuuzeni kuti ku ukwati wa mwana wanu mwezi wamawa sitibwera chifukwa ulendo ndi wautali. Zimenezo ndanena. Tsopano ndinene zanga, pang'onopang'ono, chifukwa ndikafulumira ndisokoneza.

Nyamakazi ija yafika kumsana. Mukudziwa kuti inayambira m'mawondo nthawi imene ankasenza matumba kudepoti, koma chaka chino yawapinda. Akamayenda amayang'ana pansi ngati ataya singano. Palibe chimene sitinayese. Mafuta opaka munatumiza aja tinapaka mpaka kukombeza botolo ndi chala. M'mawa uliwonse ndimawathowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Wina anawagulitsa chibangili cha mkuwa, chinangowasiyira mkono wobiriwira. Chimene chinkathandizako ndi mapiritsi ogula aja basi.

Mutatumiza uthenga woti iwo ndi amene adzayankhule m'malo mwa banja, ankangomwetulira okha. Anati sangakaime pamaso pa anthu ndi jekete lakale lija, lonyezimira m'zigongono. Akufuna suti yoyezetsa, yoyamba pamoyo wawo. Telala wa pafupi ndi msika anati, "Madala, ndikusokerani, muzipereka pang'onopang'ono ngati anzanu onse." Koma akulu anu mukuwadziwa, kuno anzawo amawatcha a Pompopompo. Anayankha kuti, "Ine sindivala nsalu ya mwini. Ndikafuna kukhala pansi ndiziyamba ndapempha kwa inu?" Ndiye ndalama za mapiritsi munkatumiza zija zinayamba kulowa m'sokosi, akusungira suti. Ndinayankhula, alamu, mpaka malovu kuuma.

Tsiku lokayezetsa anamwa mapiritsi amene anabisa, ine ndinawathowa, ndinawapaka. Telala atangotenga tepi, akulu anu anagwira m'mphepete mwa tebulo lodulira nsalu, n'kudziwongola mpaka kuima njo ngati msilikali, thukuta likutsika m'masaya. Telala anati, "Madala, imani mmene mumaimira masiku onse." Iwo, akukukuta mano, anati, "Ndimaima chonchi. Yezani msanga." Telala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana makina osokera. Panali patapita zaka osawaona atatalika chomwecho, ndipo ndinangomusiya telala kuti ayeze.

Analipira zonse pomwepo. Telala anati abwerenso nsalu ikangolumikizidwa kuti adzayese asanamalize kusoka. Sanapite. Kuima kwa tsiku lija kunawagoneka pabedi, ndipo ankadziwa kuti kachiwiri sangawongoke.

Sabata yatha tinakatenga. Nsalu yake ndi yabwino, yabuluu woderako, yosalala m'manja. Buluku linakwana. Koma jekete, alamu! Kolala inaima patali ndi khosi moti n'kulowetsapo dzanja, kumbuyo kunakwera, kutsogolo kukulendewera ngati epuloni. Bambo wina amene ankadikira kuti amuikire zipi, wosadziwa kanthu, anaseka n'kufunsa kuti, "Agogo, mwini wake akuifuna liti?" Telala anafotokoza kuti msana wopindika umafuna nsalu yaitali kumbuyo, ndipo pamene anadula kale sangawonjezerepo. Ndi munthu wachifundo, anati asoka jekete lina, tidzalipira tikapeza. Iwo anangoti, "Zikomo, abambo," n'kuipinda suti ija okha.

Lachisanu masana, ndikuchokera kochapa, ndinapeza chitseko cha kuchipinda chili chotseka. Nditalowa ndinawapeza atagona chagada pabedi, atavala suti yonse, ndi nsapato zomwe, maso ali chitsinzinire. Akagona chotero msana umawongokako. Alamu, jekete lija linawakhala bwino kwambiri: kolala pakhosi, mapewa m'malo mwake, popanda khwinya ndi limodzi lomwe. Ndinakuwa poyesa kuti atisiya, beseni n'kugwa. Iwo anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Musakuwe, amayi, ndikungoyesa. Telala uja sanalakwitse ayi. Muisunge pabwino, njenjete zisaidye."

Kuyambira tsiku limenelo akukana kuthowedwa, akuti ndisamavutike ndi kutenthetsa madzi. Ndinakagula mapiritsi ndi ndalama zanga za matimati, ali pawindo, sanawakhudze. Chakudya amangolawa kuti ndisadandaule. Sakwiya, sadandaula, ndipo chimenechi ndi chimene chikundiopsa, chifukwa akulu anu akaleka kukalipira wailesi ndiye kuti zavuta.

Pempho langa ndi limodzi. Ndalama musatumize. Bwerani nokha ukwati usanafike. Padziko pano ndi inu nokha amene mumawaseka iwo osakwiya, ndipo mwina mukawanena kuti ndi amantha adzadzuka kuti akuyankheni. Mukhoza kuwatenga, ngakhale akayankhule atakhala pampando, atavala malaya okha. Akakana, mudzangokhala nawo pakhonde tsiku limodzi. Za suti musaonetse kuti mwamva kwa ine. Akafuna adzakuonetsani okha.

Mundiperekere moni kwa amayi a ana, muwauze asatope kwambiri ndi zokonzekera. Moni kwa onse a m'nyumbamo. Mkwatibwi musamuuze kanthu kaye za kusabwera kwathu. Mungomuuza kuti atate ake aakulu mawu okayankhula anawakonza kale, ndi abwino, muli za tsiku limene anabadwa. Ndimawamva akuwanong'ona okha akamameta ndevu. Ngakhale m'mawa wa lero ndawamva.

Ndine mlamu wanu,
mkazi wa akulu anu.