Mchere mu Tiyi wa Apongozi

Bambo a mwana,

Mukafika simundipeza, ndaperekeza mayi anu kokwerera basi. Anabwera m'mawa kuti akhale nafe sabata yonse, koma akubwerera lero lomwe, ndipo wawathamangitsa ndi inu.

Chigulireni makina owerengera mabuku aja ku laibulale kwanu, mutu wanu sukuyenda bwino. Mabuku sanakukwaneni, mpaka mwalowerera kukhitchini kwanga. Zitini zonse n'zofanana, mayina munamatula, n'kumatapo timapepala ta mizere yakuda timene imawerenga ndi foni yanu yokha. Foniyo mwapita nayo kuntchito.

Ndiye ine pofulumira ndawathirira mayi mchere mu tiyi, poti mchere ndi shuga munaziika pamodzi, ati zonse ndi "gulu la zoyera". Amwa theka la kapu mwaulemu, misozi ili lengelenge, kenako n'kundifunsa ngati mwana wawo ndimamumwetsa zoterezi masiku onse. Pepani, ndinaseka. Apo m'pamene ananyamula chikwama chawo.

Tsabola ndi adyo, poti inu simuzikonda, ndazipeza pamwamba pa kabati zitalembedwa kuti "zosabwereketsa". Anakuuzani ndani kuti pakamwa panu ndiye lamulo la nyumba ino?

Muwaimbire mayi anu musanavule nsapato, muwauze kuti wosokoneza ndinu. Mukatero mumatule timapepala tanuto, chitini chilichonse chibwerere dzina lake.

Ineyo pochokera kubasi andibwereka achemwali anga. Tsiku londibweza mulifufuze mu foni yanuyo.

Mayi a mwana