Nyali Yofiira ya Nkhalamba

Lolemba, 9 Juni

Alamu anga abwera nayo Nkhalamba pagalaja m'mawa, lole yawo yonyamula simenti ija. Makilomita ake geji inatopa kalekale kuwerenga. Akuti paliponse pamene aima ikusiya chithaphwi cha oyilo. Ndatsuka injini yonse, itauma ndawaza paudala wa ana, n'kuiliza. Alamu kuseka: "Mwayamba unamwino tsopano?" Asiyeni aseke, kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita mphindi khumi kamzere kakuda kaonekera pa paudala, m'mphepete mwa sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini. Gasiketi yotseka mpata wa pamenepo yatha. Kusitolo kulibe ya mtundu wake, ndiye m'malo mwake ndamata silikoni, phala lomatira la m'chubu. Kudontha kwatha.

Lachiwiri, 10 Juni

Foni ili zii. Ndiye kuti zili bwino.

Lachitatu, 11 Juni

Abwerera nayo. Sikudontha, koma injini ikatentha n'kuima pamphambano, nyali yofiira ya oyilo ikuphethira. Oyilo ngodzaza, ndayeza kawiri. Abwana anga akuti ndi kaswichi ka nyaliyo chabe: "Dula waya, zimatero zikakalamba." Sindinadule. Ndachotsa kaswichiko n'kumangapo geji yangayanga. Injini ikakhala yozizira muvi uli bwinobwino. Ikatentha muvi ukugwa, kutsala pang'ono kugona pansi. Nyaliyo sikunama, oyilo sakufika ndi mphamvu.

Ndawauza abwana kuti mwina ndi pampu, mwina mabering'i a mkati mwa injini adyeka. Avomera msangamsanga. Pa injini yokalamba aliyense amakhulupirira zimenezo.

Lachinayi, 12 Juni



Masana pofuna sipanala ndapeza chubu cha silikoni chija m'bokosi, chili phwatalala. Chonse! Pa sampu imodzi! Ndinali ndi phuma, komanso sindinafune alamu abwerenso kudzandiseka. Ndakwawira pansi pa Nkhalamba kukaona. Kunja silikoni anatumphuka kunenepa ngati chala changa. Nanga mkati? Chinthu ukachifinya chimatulukira mbali zonse ziwiri. Akasupuka mkatimo amakatseka sefa imene pampu imayamwira oyilo. Ine yemwe ndimakalipira anzanga pa chinthu chomwechi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pagalaja pano.

Mawa Nkhalamba inyamuka ndi katundu wodzaza, msewu wake wa m'phiri uja. Injini ikagwira potsetsereka paja, chiwongolero chiuma, mpweya wa mabuleki utha. Ndinaonapo lole imene inatero. Tinakaikoka ndife. Kutsogolo kwake kunalibe.

Mchemwali wanga anadzera kuno pochokera kuntchito. "Achimwene, galimoto ya bambo akunyumba ili bwino?" Ndati ili bwino, maso ali pa nsapato zake.

Ndikuopa. Ndikuopa phirilo, ndikuopanso abwana, amene chaka chatha anachotsa mnzathu ntchito chifukwa cha nati imodzi. Mwina ndi mabering'idi. Mwina ikafika.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinafika katundu atamangidwa kale, alamu akupukuta galasi uku akuimba mluzu. Abwana pulayala ili m'manja, akuti waya uja adula okha. Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinatenga beseni ndi sipanala, n'kulowa pansi, n'kumasula nati ya sampu. Oyilo yense khuthu.

"Wapenga iwe? Katundu akudikiridwa uyu!" anakuwa abwana.

Ndinkangoona nsapato zawo zikuzungulira lole. Ine pansipo ndikuchotsa sampu, mabawuti kumandigwera kumaso. Ola lathunthu.

Sefa inali yotsekeka, kungotsala kachiboo ngati ka batani. Tizingwe tofiira ta silikoni tili piringupiringu ngati nyongolotsi. Ndinatikokolola ndi chala. Pansipo panalibe wondiona. Ndikanatha kutuluka n'kunena kuti linali litsiro la ukalamba, ndipo dzanja linafika ndithu mpaka pakamwa pa thumba la ovolosi.

Ndinatuluka nato m'manja n'kuwatambasulira alamu. Mluzu unali utasiya. Anatola kamodzi, kukatembenuza, kenako n'kuyang'ana cha kuphiri.

"Anaika zimenezi ndani?" anatero abwana.

"Ine."

Ati ndikamaliza ndipite ku ofesi. Sindinapitebe, ndangosamba m'manja kuti ndilembe izi. Alamu akadali pano. Avula jekete lawo laulendo, agona chagada pansi pa Nkhalamba, akundidikira ndi tochi.