Kope la Zuleikha ndi Ng'anjo Yotentha Nyenyezi

KwaThema,
Springs, Joni.
18 Sepitembala 2024.

Okondedwa achemwali anga a Mwanaidi,

MUTU: KUULULA ZA ZULEIKHA NDI KUPEMPHA THANDIZO LACHANGU

Asalamu aleikumu. Ndi ulemu waukulu ndikulemba kalata ino ndi chikhulupiriro chakuti ikupezani muli amoyo pamodzi ndi alamu ndi ana onse kwa Nselema. Kuno ndili bwino, Alihamdulillah, ntchito ya ku fakitale ikuyenda, kupatula msana umene ukundikumbutsa zaka zanga. Kalatayi ndapatsira a Limbikani, dalaivala wa lole ya katundu, chifukwa nkhani yake ndi yosayenera pa foni, pamene munthu akafika povuta amanamizira netiweki.

Ndikukudziwitsani mosabisa kuti mwana wanu Zuleikha sakukhala pakhomo panga. Wakwanitsa masabata asanu ndi awiri ali ku Elsburg kwa a Saumu, mng'ono wa malemu mayi ake. Wolakwa pa nkhaniyi ndine, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane monga zinachitikira.

Pa 28 Julayi, tsiku la msonkhano wa bungwe lathu la maliro la Amalawi, limene ine ndine mlembi wake, ndinalowa m'chipinda mwake kufuna cholembera. Patebulo panali kope lotsegula. M'katimo anajambula chinthu chonga gudumu la ngolo, mivi yoloza uku ndi uku, ndi manambala aataliatali. Chingerezi changa mukuchidziwa, ndi cha ku fakitale ndi cha pa mafomu, komabe ndinazindikira mawu otanthauza chida, kuwotcha, ndi kufa kwa anthu onse. Ndinaganiza kuti mwanayu wakodwa ndi magulu oipa a pa intaneti amene timamva pa wailesi. Sindinamufunse. Ndinaika kopelo m'jekete n'kukalipereka ku msonkhano pa gawo la zina ndi zina.

Wapampando wathu a Gaffar anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza pamaso pa anthu makumi atatu. Asanamalize tsamba loyamba, a Philemon anagwa pa benchi ndi kuseka. A Philemon ndi mwana wa Amalawi koma wobadwira ku Zimbabwe, ndipo amakonza mafoni m'kontena ya pa renki ya matakisi.

"A Mlembi," anatero akupukuta misozi, "ndiye tiitane apolisi a dziko liti? Kumalo kumeneku sikupita takisi. Ndi gemu iyi, madala!"

Ine ndisanafike kunyumba, nkhani inali itafika kale. Mwana wa zaka makumi awiri, wa chaka chachiwiri ku koleji, anyamata a pa renki anayamba kumuitana kuti Mayi Bomba. Ndinamupeza ataima pakhomo. Sanalire. Anangoti, "Bambo, chipinda changa ndi chanu zalekana khoma limodzi. Munalephera kugogoda?" Ine, m'malo mopepesa, ndinati mwana saimika bambo ake pa mlandu. M'mawa mwake ananyamula zikwama ziwiri.

Masabata awiri oyamba ndinadikira kuti abwera yekha. Nditaona kuti foni yanga sakuyankha, ndinatsimikiza mtima kuti chinthu chimene ndinachiweruza ndisanachidziwe ndichiphunzire mpaka ndichidziwe. Choncho Loweruka lililonse masana ndakhala ndikupita ku kontena ya a Philemon ndi kope langalanga.

Kuti mumvetse, achemwali, gemu ndi masewero a pa kompyuta, monga bawo, koma okhala ndi nthano m'kati mwake. Nthano ya iyi ikuti kalekale kunali mtundu wa anthu anzeru, otchedwa Oyamba, amene anapanga chida chachikulu kuposa dziko lino. Dzina lake la Chingerezi likutanthauza Ng'anjo. Tsiku lina anachiyatsa, chinatentha nyenyezi zosawerengeka za mu Mlalang'amba, ndipo eni akewo anatha nawo. Amene anakonza gemuyi sananene chifukwa chake. Ndiye osewera a maiko onse amakangana pa intaneti ngati mlandu wa malire a munda. Ena akuti inali ngozi. Ena akuti makina anaukira eni ake. Zuleikha ali ndi gulu lonena kuti Oyamba anali kugonja pa nkhondo, nasankha kufera limodzi ndi adani awo. Kope lija linali la umboni wake, wosonkhanitsa chaka chathunthu.

Kusewera kwenikweniko ndalephera, ndivomere. A Philemon anandipatsa kachipangizo ka mabatani kuti ndiyendetse chombo cha m'mlengalenga, ndipo ndinachigunditsa pa mwala umodzimodzi kasanu ndi kanayi.

"Eish, madala," anatero, "anthu akale aja anavutikiranji kupanga Ng'anjo? Akanangokupatsani inuyo chiwongolero."

"Sekani, a Philemon," ndinayankha, "koma Loweruka ndibweranso."

Loweruka lachinayi anandionetsa mapu a nyenyezi zonse. Zimene zinapsa ndi zakuda, ndipo ndinaona kuti sizinapse mwachisawawa ayi, zinazungulira ngati chibangili. Pakati pake pali timaiko tochepa tozizira, topanda munthu, timene moto sunafike. A Philemon anati pamenepo palibe kanthu, ndi miyala yokhayokha, okonza gemu anatopa asanamalize. Ndinapempha kuti akulitse chithunzi. Achemwali, miyalayo inali m'mizere, ndipo yonse inayang'ana mbali imodzi. Ine ndaperekeza maliro ambiri pa udindo wangawu. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Awa ndi manda."

Mukukumbukira mwezi wa Ogasiti kwathu, osaka mbewa a kutsidya la mtsinje asanayambe kuyatsa tchire? Malemu bambo ankasonkhanitsa amuna m'mamawa mphepo isanadzuke. Ankalambula kuzungulira manda, kenako n'kutentha udzu wa m'mphepete mwadala, aliyense atagwira nthambi yaiwisi yozimira moto ukafuna kulowerera. Mlendo wodutsa akanati anthuwa apenga, akuwotcha manda a makolo awo. Koma moto wolusa ukabwera pambuyo pake unkapeza popsa kale, n'kufera pomwepo. Maganizo anga ndi amenewo: Ng'anjo sinali chida chophera adani. Kunali moto wina waukulu ukubwera kuchokera kunja, umene Oyamba anadziwa kuti sadzaupulumuka, ndipo anatentha pozungulira kuti akufa awo okha asapse.

A Philemon anasiya kuseka. Anati ndilembe, iwo amasulira m'Chingerezi n'kuika pa bwalo la osewera la pa intaneti. Ndinalemba ngati lipoti, ndime zisanu ndi imodzi zokhala ndi manambala. Anandilangiza kuti ndisankhe dzina lopeka monga amachitira ena onse, koma ndinakana, chifukwa wobisa dzina ndi amene ali ndi mlandu. Ndinasaina Hussaini Jafali, Mlembi, KwaThema.

Mayankho anaposa mazana awiri. Wina wa ku Ulaya ananditchula kuti Pulofesa, wina anati ndikamwe mankhwala ndigone. Zonsezo sizinandikhudze. Tsiku lachitatu kunabwera yankho limodzi lolembedwa m'Chichewa, Chichewa chopindika cha mwana wokulira ku Joni, chopanda moni. Ndikukopera monga linalili: "Ngati ndi moto wotchinga, bwanji chibangilicho chili ndi mpata mbali imodzi? Moto ungalowe pamenepo. Simunaonetsetse mapu." Amenewo anali mawu oyamba a Zuleikha kwa ine kuchokera tsiku limene anachoka, ndipo ndinawawerenga mpaka a Philemon anandilanda foni kuti atseke kontena.

Mwanayo akunena zoona, mpatawo ulipo. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti bambo nawonso ankasiya mpata wosatentha mbali imodzi ya manda. Ndikuuona m'maso mwanga mpaka lero, udzu wake utaima pakati pa phulusa. Koma ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinafunse chifukwa chake. A Philemon anati, "Ingonenani kuti ndi geti, madala, akutsutseni ndani? Ku Nselema kuli intaneti yoti akafufuze?" Ndinakana. Ndinalankhulapo kale kamodzi chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo chinanditulutsira mwana m'nyumba.

Pa 8 Sepitembala, pa msonkhano wa bungwe, ndinapempha mpata pa gawo lomwe lija la zina ndi zina. Ndinaimirira pamaso pa anthu omwe aja n'kunena kuti ndinanyozetsa mwana wanga popanda mlandu, ndi kuti aliyense womutchula dzina la pa renki lija akutukwana ine. Ndinazilemba m'buku la misonkhano, wapampando n'kusaina. Loweruka lapitali ndinanyamula bukulo, matakisi awiri, mpaka ku Elsburg.

Ndinamupeza akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Ndinamupatsa bukulo nditatsegula pa tsamba lake. Anapukuta manja pa chitenje, nawerenga pang'onopang'ono, kawiri, kenako anandibwezera.

"Funso langa simunayankhe," anatero.

"Yankho lake sindikulidziwa, mwanawe. Ndikulembera azakhali ako kuti akandifunsire."

"Inuyo, Bambo? Kunena kuti simukudziwa?" Anaitana cha kukhitchini, "Amayi aang'ono, bwerani mudzamve, mwina sizidzachitikanso!"

A Saumu anasuzumira pawindo n'kuti, "Ndamva kale, alamu. Dikirani ndiyang'ane ngati kukubwera mvula."

Ndinapirira, chifukwa kusekedwa kumeneko ndinakuyitana ndekha. Zuleikha anayanika malaya ena awiri asanalankhulenso. Kenako anati, "Yankho likabwera musapite nalo kwa a Philemon. Chingerezi chawo chikukuchititsani manyazi. Ndidzamasulira ndine, patebulo la kunyumba. Koma likakhala lopanda nzeru ndidzakutsutsani pamaso pa anthu onse, hayi, sindidzakumverani chisoni."

Ndinati umenewo ndi ufulu wake.

Tsopano ndafika pa pempho langa, ndipo ndikupempha modzichepetsa kuti lichitidwe mosazengereza. Mupite kwa a Masautso, amene ankagwira nthambi pambali pa bambo, poti mwa amuna aja atsala okha. Muwafunse zinthu izi: choyamba, mpata uja unkasiyidwa chifukwa chiyani; chachiwiri, unkakhala mbali iti, kochokera mphepo kapena kolowera; chachitatu, kodi unkatsekedwa pambuyo pake kapena unkakhala choncho mpaka mvula. Musawauze za nyenyezi, angasokonezeke. Musawalolenso kuthira mchere, mukuwadziwa akaona kuti pali womvetsera. Ngati aiwala, anene kuti aiwala, ndipo ine ndidzanyamula mawu omwewo kupita nawo ku Elsburg, kenako ndidzafunsa midzi ina mpaka ndipeze wokumbukira. Muwajambule mawu pa foni n'kunditumizira tsiku lomwelo. Chipinda cha Zuleikha ndasesa, ndipo pa chitseko ndaikapo loko amene kiyi wake ndi mmodzi yekha, wa iye mwini.

Pomaliza, mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse mmodzimmodzi, kwa a Masautso, ndi kwa onse a ku mzikiti amene amandikumbukira. Mukamadutsa ku manda mundipempherere bambo ndi mayi. A Saumu akupereka moni. A Philemon nawonso akupereka moni, ngakhale simukuwadziwa, ndipo akuti a Masautso akayankha bwino adzawakonzera foni mwaulere.

Za moni wa Zuleikha ndiyenera kuulula chinthu china. Moni wake umene ndakhala ndikukupatsirani pa foni masabata onsewa ndinkapeka ndine, mundikhululukire. Uwu wokha ndi wochokera pakamwa pake. Anandiperekeza mpaka pokwerera takisi, ndipo chitseko chisanatsekedwe anawerama pawindo n'kuti, "Muwauze azakhali kuti ndawasowa. Muwauzenso kuti afulumire, bedi la kuno ndi lalifupi."

Achemwali, fulumirani.

Ine mlongo wanu wodikira yankho,

Hussaini Jafali
Mlembi