Magitala Anga Sapita Pamoto

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndikukhulupirira kuti kumwamba kulibe zitunda ngati za kuno ku Chilobwe, apo ayi angelo atopa nako kudandaula kwanu. Ndine Laisoni, mwana wanu uja munkati adzafera pamowa atakolekera chitini m'khosi. Ndikadalipo, Amayi. Mano atsala owerengeka, tsitsi lasamuka pamutu n'kukamera m'makutu, koma pakamwa mpomwe paja.

Ndiyambe ndi zabwino kuti musayambiretu kukwinya nkhope. Chisomo, mwana wa Esinati wanga, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu, Edesi. Chipumi ndi chanu chomwe chija. Akamalira salira ngati wopempha, amalira ngati mwini nyumba. Kamunda kanu ka ku Mpemba chaka chino kanatichititsa manyazi pa chimanga chifukwa feteleza wasanduka mankhwala a anthu olemera, koma nandolo anabereka mpaka tinagawirako ena. Mtengo wa mapeyala munadzala kuseri uja ukudyetsa ana a dera lonse kupatula ine mwini wake. Achemwali Agnesi ku Ndirande awapeza ndi shuga, adokotala awaletsa tiyi wotsekemera, ndiye akumamwera kuchipinda atatseka chitseko.

Tsono khalani pansi, pali mlandu. Ndikudziwa kuti mukangomva chiyambi chake muima mbali ya adani anga, koma mundimvere kaye.

Mukukumbukira gitala yanga yoyamba ija, ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga? Munaiponda ndi phazi limodzi, inalira komaliza ngati mbuzi. Munati, "Gitala ndi khasu la munthu waulesi, amalima nalo pamimba pake." Ndinakumverani. Ndinaphunzira ukalipentala, ndinakwatira, ndinalera ana. Koma inu mutapita, mayi a Esinati nawo n'kukutsatirani, m'nyumba munakula kwambiri. Ndiye ndinayamba kugula makasu a ulesi aja. Lero adzaza khoma lonse la pabalaza, ena apachikika kuchipinda chanu. Pepani, koma simunali kuchigwiritsa ntchito.

Si magitala a m'sitolo onyezimira ngati nsapato za mkwati ayi. Ndi akale, a bokosi, aja ankabwera nawo amuna ochokera ku Joni ndi ku Halale atawamangirira pa sutikesi. Eni ake akutha, Amayi, mwezi ndi mwezi. Munthu akamwalira, tsiku logawa katundu abale amalimbirana jekete, nsapato, njinga, ngakhale lamba. Gitala palibe amaiyang'ana. Namfedwa amaiponya pamwamba pa kabati, chiswe n'kuyamba phwando. Ndiye ine maliro a anthu oterewa ndimapepesa kawiri. Koyamba ndimapita ndi misozi ngati wina aliyense. Akameta, anthu atabalalika, ndimapitanso, pakamwa ndikupepesa koma maso ali pamwamba pa kabati.

Ndikaitsitsa ndimainunkhiza pabowo paja kuti ndimve ngati munalowa chinyezi. Ndimaigogoda kumsana ndi chala ngati dzungu. Kenako ndimaloza nayo kumwamba ngati mfuti, kuona ngati khosi lake linapindika. Malipiro ake timagwirizana: kwina ndimakonza chitseko, kwina ndimakhoma benchi, kwina tambala amakwanira. Ina ndinaipeza ku Maselema nkhuku ikuikiramo mazira, ndinachita kudikira kuti iswe kaye.

Iliyonse ndimaitchula dzina la mwini wake. Alipo a Jailosi a ku Bangwe, kumsana kwawo kunaperepeseka ndi chitsulo cha lamba. Alipo a Kandulu a ku Chilomoni, amene ali ndi bala pambali chifukwa anamenyerapo munthu m'mutu. Ndikagwira khosi la a Jailosi, chala changa chachikulu chimakalowa chokha m'kadzenje kamene chala chawo chinakumba pa zaka zonse zija. Kumeneko ndiye kupatsana moni kwathu.

Mbiri yanga yaipa, sindibisa. Akuti ndine fisi wa magitala. Ndinapita kukazonda mnzanga wina wodwala ku Zingwangwa, ndisanakhale n'komwe pansi anadzuka pamphasa n'kukuwa, "Laisoni, sindinafe! Bwerera!" Anachira sabata yomweyo. Banja lake silinandithokoze mpaka lero.

Za namondwe uja munazimva kwa eni ake, poti ambiri anafika kumeneko tsiku limodzi. Pamenepo ndilibe nthabwala. Phiri linatsika ndi miyala, linadutsa mbali ya kumtsinje, linatenga nyumba za anthu amene inu munkagawana nawo mchere. Yathu inatsala, koma khoma lakumbuyo linang'aluka. Poyamba mumng'alumo munkalowa mpeni, pano mukulowa dzanja langa lonse. Esinati anati, "Adadi, dzinja lina lisakupezeni muno. Kwathu ku Machinjiri kuli chipinda chakuseri, bwerani." Ndinavomera, Amayi. Mulembe penapake kuti Laisoni anavomera.

Chinaononga zinthu ndi pakamwa pangapa. Esinati anabwera tsiku lina masana kudzalongedza mbale. Dzuwa linali loswa mtengo, malata akuthetheka. Mukudziwa thabwa likatenthedwa limadziongola, ndiye nsambo imodzi ya a Jailosi inalira yokha pakhoma, ndiii! Mwana anataya mbale. Munthu wanzeru akanati ndi kutentha chabe. Ine ndinati, "Usaope mwanawe, a Jailosi akungokupatsa moni. Yankha, ndi aakulu." Munkanena inu kuti lilime langa limathamanga kusiya mutu uli pakhomo.

Anakauza amuna ake, a Makwinja, mkamwini wanga. Munthu wabwino, samwa, samenya, koma ndi mkulu wa mpingo ku tchalitchi china cha mutenti kumene chilichonse chili ndi chiwanda, ngakhale chimfine. Nkhani itafika kumeneko inabwerako itavala nsapato. Akuti ndikusunga mizimu ya anthu akufa m'mabokosi. Akuti n'chifukwa chake minibasi ya a Makwinja ikumafa pamsewu, n'chifukwa chake Chisomo anavutika pobereka. Chigamulo chake: ine ndisamuke, koma magitala apite pamoto.

Loweruka lapitalo linzake a Makwinja ndi Esinati anabwera ndi kalole, amayi a mapemphero atamanga mipango yoyera, ndi botolo la palafini. Anakweza bedi, mipando, bokosi la zipangizo zanga. Atatha a Makwinja anavula chipewa mwaulemu n'kuti, "Bambo, zija tinakambirana zija." Ine ndinati palibe vuto apongozi. Ndinawatulutsa ndekha magitala onse, n'kuwatsamiritsa pakhoma panja ngati ana a sukulu pa mzere. Ndinatenga machesi m'thumba mwanga n'kuwaika m'manja mwawo.

Ndinati, "Musanayatse, ndi bwino mudziwane. Awa ndi a Kandulu. Moyo wawo wonse sanakhululukirepo munthu, amene anawapondapo phazi ku bala anasamuka m'tauni muno. Yambani ndi iwowa, ndi ouma bwino. Awa ndi a Jailosi, ofatsa, koma amakonda kuyendera anthu. Kwanu ku Machinjiri ndawalongosolera kale njira."

Amayi, mukanaona. Nyimbo ya mapemphero inayamba kuchepa ngati wailesi yotha mabatire. Mayi wina anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. A Makwinja anatsegula machesi, anatseka, anatsegulanso, kenako anati zinthu zamtunduwu sizituluka popanda kusala kudya kaye. Ndinati salani apongozi, mwanenepanso.

Ndinaseka ndekha. Esinati sanaseke. Anaima pafupi ndi mng'alu uja misozi ikutsika, n'kunena kuti, "Adadi, ine ndinafukula anthu m'matope ndi manja awa, kumtsinje uko. Sindikufuna kudzafukula inu. Za mizimu kaya n'zoona kaya n'zabodza, koma nyumba ndi ya amuna anga, ndipo anena. Siyani matabwawa mukwere galimoto." Mawu amenewo analowa, Amayi, sindinama. Koma ndinati kumene ndikupita ine n'kumene akupita magitala awa. Anapukuta m'maso, anakwera kutsogolo, kalole kananyamuka ndi bedi langa. Akuganiza kuti msana ukandipweteka ndilondola matiresi.

Tsono ndikudziwa zimene mukunena kumeneko. Mukuti nkhalamba yopanda manyazi, ukuliza mwana chifukwa cha zidole. Imani pomwepo. Suti imene a Makwinja amavala polalikira ndi ya malemu achimwene awo, ndinaliko tsiku logawa. Njinga za akufa anthu akukwera, mabulangete a akufa akufunda, mapoto anu omwe Agnesi akuphikira mpaka lero. Mzimu wake ndi wotani wodana ndi suti, wodana ndi poto, wongofuna gitala basi? Ngati ulipo ndiye ndi mzimu wodziwa kusankha, ndipo ine ndi iwo tigwirizana.

Anthu awa, Amayi, ambiri alibe ngakhale chiliza. Anakumba migodi ya eni, anabwera ndi chifuwa ndi gitala, chifuwa chinawatenga. Ana awo ena sadziwa n'komwe kuti bambo awo ankaimba. Chimene chatsala cha manja awo ndi timaenje tija pakhosi la thabwa. Ndiye ine ndithire palafini? Inu munaponda chigubu changa ndili mwana, ndinalira n'kuiwala, poti chinali chigubu. Izi ayi. Ndakhala womvera kwa inu, kwa mabwana, kwa mayi a Esinati, kwa adokotala. Kamodzi kokha aka ndakana, ndipo ndakana ndithu.

Pano ndikugona pamphasa ngati mnyamata wa kumphala. Msana ukulira kuposa magitala. Mvula ya chizimalupsa inagwa Lachinayi, madzi analowa pamng'alu paja n'kuyenda pansi mpaka pakhomo. Ndinamata ndi dothi, koma ndine kalipentala, ndikudziwa khoma limene latopa. Mitambo ikamasonkhana pamwamba pa Soche ndimaiyang'ana kwambiri kuposa kale. Zimenezi ndikuuza inu nokha, musakauze Esinati kumaloto.

Koma mwana wanu sanathe nzeru. Lamulungu ndinavala jekete n'kukwera minibasi kupita ku Machinjiri kukaona kakhanda, poti Chisomo ali konko kwa mayi ake. Ndinanyamula gitala yaing'ono kwambiri, ya malemu a Foloko, munthu amene sanakanganepo ndi wina aliyense. Kondakitala anafuna kuti ndiilipirire mpando, ndinamuuza kuti ndi maliro, anangoti pepani madala. Nditafika a Makwinja anali asanaweruke kutenti. Ndinamuimbira Edesi wamng'ono kanyimbo kamodzi pang'onopang'ono, anasiya kulira n'kundiyang'ana ndi chipumi chanu chija, ngati akufuna aiponde. Pochoka ndinalowa m'chipinda chakuseri muja muli bedi langa, ndinawaimika a Foloko kuseri kwa chitseko, n'kutuluka manja ali m'thumba.

Esinati anandiona. Anayang'ana manja anga, anayang'ana chitseko, n'kundipatsa chipewa changa. Lachiwiri anaimba foni. "Adadi, munaiwala katundu wanu." Ndinati ndi ukalamba mwanawe, ndidzatenga ndikadzabweranso. Iye anati, "Ndawafunditsa chitenje, kukuchita fumbi." Sanati ndaitaya, sanati abambo a Chisomo aiona. Anati ndawafunditsa.

Ndiye Lamulungu likubwerali ndikukaonanso mwana, ndipo ndikuona kuti ndikaiwalanso a Jailosi. Kuiwala kwanga kukapitirira chonchi, khoma la pabalaza lidzayera, ndipo womaliza kuiwalika ku Machinjiri ndidzakhala ine. Chovuta n'chakuti magitala ndi ambiri kuposa Malamulungu amene atsala mvula isanayambe. Inu muli pafupi ndi ofesi yake, kapempheni kuti aichedwetseko pang'ono. Mukalephera, n'kuona ndatulukira kumeneko matope ali m'makutu, musandikalipire pagulu. Mundikokere kaye kuseri.

Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo kakhanda kakalimba khosi ndidzakabweretsa mudzaone chipumi chanu. Ndikulonjezanso kuti palibe gitala ngakhale imodzi imene idzapse ine ndikupuma. Lonjezo lachiwirili simunalipemphe, koma landirani.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale phazi lanu lija.

Ndine mwana wanu wosamva,
Laisoni