Madzi a Mafupa m'Nyengo Yosala

Lolemba, 3 Malichi
Ndine Diribe Gudeta wa kuno ku Meki, zaka 74. Sukulu sindinaipondeko. Zilembozi ndinaphunzira kutchalitchi imvi zitamera kale, n'chifukwa chake zikuyenda ngati bulu wolemedwa.

Kwabwera mtsikana wa zaumoyo. Wayasamitsa mdzukulu wanga Kulani, wa zaka zisanu. Mano ayamba kufiira. Ngati anga, ngati a mudzi wonse. Akuti ndi mchere wina wotchedwa fuloraidi wa m'madzi a pamjigo, ndipo akachuluka mwina amafooketsanso nzeru za ana. Ine: "Mwanawe, lero ndiye wandimasulira za malemu amuna anga."

Lachinayi, 6 Malichi
Mtsikana uja watibweretsera ndowa yosefera madzi. M'katimo makala a mafupa a ng'ombe. Mafupa! Pakati pa kusala kwakukulu kodikira Pasaka, pamene sitilawa chilichonse chochokera ku nyama, miphika nditaikwecha kuti isanunkhe ngakhale batala. Ndowa ndaibisa kuseri kwa khola. Tikumwabe a pamjigo.

Lamulungu, 9 Malichi
Ndafunsa wansembe wathu, Aba Tesema, ngati madzi odutsa m'mafupa sasanduka msuzi. Kukanda ndevu, kukanda ndevu. "Mayi, ndikafunse akuluakulu." Mano awo ngati khofi wopserera. Mjigo womwewu aumwa zaka 60. Yankho silibwera msanga.

Lachitatu, 12 Malichi
Mbuzi tili nazo zisanu ndi ziwiri. Kulani wawerenga zinayi. Wabwereza, zinayi. Mwina chibwana chabe. Koma mayi ake anandisiyira mwana wochenjera.

Loweruka, 15 Malichi
Mnansi wanga Lomi wandipeza ndikupatsa Kulani mkaka. Kuseka mpaka kutsamira chitseko. "Iwe nkhalamba, mkaka wa ng'ombe ukumumwetsa, mafupa ake ndiye tchimo? Mwana wa zaka zisanu anasalapo liti?"

Zoona. Ana sasala. Ine ndimasalitsa mwana madzi.

Ndowa ndailowetsa. Ili pakona, ndi kapu yakeyake. Ine ndidikira Pasaka, kapena Aba Tesema, amene ayambe kufika.

Lolemba, 17 Malichi
Ndimadzilembera ndekha, koma mapepalawa ndang'amba, apite kwa iwe Ayantu mwana wanga, ku Adama komwe ukugwira ntchitoko. Masiku asanu ndi anayi mwana wako wamwa zoipa, zabwino zili kuseri kwa khola. Wolakwa ndine. Kapena mjigo, poti nanenso ndaumwa moyo wonse.

Lero wawerenga mbuzi zisanu ndi zitatu. Yachisanu ndi chitatuyo akuti ndine.

Undiyankhe, ngakhale kondikalipira. Zilembo zikuluzikulu.