Kaneta Imodzi ku Chiputo

Gulu: Mafunso a tese, kafukufuku wa digiri (Flávia, Serafina, Malume Teodoro)

Lachiwiri, 11 Março

Flávia, 09:12
a malume, ma director onse 12 a sukulu za ku Chiputo anaphunzira kulemba kwa mphunzitsi mmodzi?

Flávia, 09:40
mafoto a mapepala afika onse, zkm. ndikungofunsa

Serafina, 10:05
afika? graças. mana Flávia, yamba kuika mu tabela. orientador, wotiyang'anira pa tese, akufuna mayankho lachisanu, tikaphonya digiri ya mestrado ya tonse awiri ikudikira chaka chamawa

Flávia, 10:07
watsegula mafotowo?

Serafina, 10:08
ndili pa chapa, minibasi. bwanji

Flávia, 10:11
kaneta imodzi, yabuluu. pa pepala loyamba inki yakhuta. pofika la 12 ikuchita kupempha madzi

Serafina, 10:12
mwina ku Chiputo kuli kaneta imodzi kkk

Flávia, 10:15
ndi dzanja limodzi. ndimalidziwa, linkasaina mapepala anga a mayeso ku primária

Flávia, 10:16
ona funso 7, aphunzitsi anajomba masiku angati mu Fevereiro. sukulu zonse 12, zero. mwezi wa mvula

Lachitatu, 12 Março

Malume Teodoro, 06:50
Wadzuka bwanji mphwanga. Dzulo rede ya foni inathawa, pano ndakwera pa chulu kuseri kwa sukulu. Ndakugwirira ntchito, malipiro anga ndi mafunso?

Flávia, 06:58
ndadzuka bwino kaya inu. ndathokoza ndithu. analemba ndani?

Malume Teodoro, 07:04
[mawu, 0:46] Tamvera. Mota, njinga yamoto, siikufika ku sukulu za patsidya, mtsinje wadzaza. Ndiye ndinadikira msonkhano wa ma director wa Loweruka, poti mkulu wa dera ndine. Ndinkawerenga funso mokweza, anthu nkukambirana, tikagwirizana ine nkulemba. Chilichonse chopita kumtunda timachita choncho. Palibe anakana.

Flávia, 07:07
pamwamba ndinalemba kuti aliyense ayankhe payekha, asalembe dzina

Malume Teodoro, 07:10
Ndi chimene chinawaopsa. Pepala lopanda dzina unaliona kuti? A Ambrósio, director mnzanga, anati awa ndi a inspecção, oyendera masukulu, angobisala kumbuyo kwa mwana wa sukulu.

Serafina, 07:13
bom dia tio. mana wamva, anthuwo anavomereza. ndi mayankho awo basi

Flávia, 07:14
ku msonkhano anabwera angati, a malume?

Malume Teodoro, 07:33
Okwanira.

Flávia, 07:35
a patsidya anawoloka bwanji mtsinje wodzazawo

Malume Teodoro, 07:37
Iwe ku Tete ukuphunzira kuyendetsa sukulu kapena upolisi?

Flávia, 07:41
kuyendetsa sukulu. mwezi watha munakhala kwa amayi ku Malowera masabata awiri kudikira madzi aphwe. pepala la sukulu yanu likuti zero

Malume Teodoro, 07:43
[uthenga wafufutidwa]

Malume Teodoro, 07:52
[mawu, 1:05] Flávia, ndakulera ine. Ukamaliza mestrado wakowo sudzagwiranso choko, adzakupatsa mpando ku distrito. Ndiye ukufuna munthu alembe ndi dzanja lake kuti aphunzitsi ake anajomba masiku khumi ndi asanu, pepalalo likakhale mu kabati ya amene mawa adzakhale chefe wake? Anthuwa ali ndi ana. Palibe amajomba mwadala, mlatho kulibe. Ndateteza iwo, ndatetezanso iwe, kuti tsiku lomwe udzabwere kuno adzakupatse moni.

Flávia, 07:58
za mpandozo anawauza ndani? mwini wakene sindikuzidziwa

Malume Teodoro, 08:01
Zimamveka.

Flávia, 08:04
Serafina, kalata yotilola kufunsa m'masukulu anatisainira ku distrito ndi amuna ako. a Edmundo anaona mafunsowa?

Flávia, 09:30
Serafina

Serafina, 12:47
sorry ndinali mu aula, m'kalasi. anangowaona pamwamba, anali pa tebulo

Flávia, 12:50
pamwamba pali funso 1. funso 7 lili pa tsamba lachiwiri

Serafina, 12:58
ukufuna kunena chani mana

Flávia, 12:59
palibe. ndikuwerenga masamba

Lachinayi, 13 Março

Serafina, 08:20
pf chonde tisakangane. orientador sadzaona inki, tabela ilibe dzanja. ndiye tiike manambala tipite

Serafina, 08:22
ine mwana ndasiya kwa apongozi ali ndi miyezi 8. sindingabwereze chaka chifukwa cha kaneta

Serafina, 10:15
ndikuona kuti wawerenga

Malume Teodoro, 11:02
Mphwanga, ngati vuto ndi dzanja usadandaule. Pano ndili ndi aphunzitsi atatu, akopera ndi makaneta osiyana, wina wamanzere. Pofika 14 koloko ndakutumizira.

Flávia, 11:20
atatu? pa pepala mwalemba kuti muli asanu ndi awiri

Malume Teodoro, 11:26
Ena ali m'njira.

Serafina, 11:28
tio tumizani, zithandiza

Malume Teodoro, 13:10
Ndiyambitse?

Malume Teodoro, 13:45
[mwaphonya foni]

Serafina, 14:30
Flávia mawa ndi lachisanu

Flávia, 16:05
a malume musavutitse aphunzitsi, abwerere kwa ana. mapepala asiyeni mmene alili

Flávia, 16:06
mawa ndipereka onse 12, ndi mafoto ake omwe. mutu wa tese ndasintha, ndilemba za kaneta imodziyi